Kodi Filimu Yaikulu Kuposa Zonse Amaipeza Bwanji?

Mukafunsa kuti ndi filimu iti imene yapanga ndalama zambiri chiyambire, yankho limene mudzalipeza paliponse ndi Avatar ya a James Cameron, imene inatuluka mu Disembala 2009. Yatolera madola a ku America pafupifupi 2.9 biliyoni. Pambuyo pake pali Avengers: Endgame ya 2019, ya madola pafupifupi 2.8 biliyoni, kenako Avatar: The Way of Water ya 2022, ya madola 2.3 biliyoni, ndi Titanic ya 1997, imene yapitirira 2.2 biliyoni. Enanso amene anadutsa 2 biliyoni ndi Ne Zha 2 ya ku China, Star Wars: The Force Awakens ndi Avengers: Infinity War. Pa anayi oyambirirawo, atatu anakonzedwa ndi munthu mmodzi, a Cameron omwewo.

Munthu wokulira ku Chawama, ku Matero kapena ku Kanyama akaona mndandandawu, funso lake loyamba limakhala lakuti: nanga Commando ili kuti? Rambo ali kuti? Nanga aja a ku Nigeria amene amayi athu ankaonera mpaka ndiwo kupserera pambaula? Funsoli si lachibwana. Commando ya 1985 sinafike ngakhale madola 60 miliyoni m'nyumba za sinema, koma m'makomboni muno ndi ochepa a zaka zoposa 30 amene sakuidziwa. Anthu ankaionera m'tizipinda ta vidiyo, atalipira kandalama kochepa pakhomo, tepi imodzimodziyo n'kuizunguza mpaka chithunzi kuyamba kunjenjemera. Ndalama zimenezo palibe amene anazilemba m'buku lililonse la ku Hollywood. Choncho tisanakangane kuti mndandandawu ndi woona kapena wabodza, tiyambe tadziwa chimene umawerenga.

Umawerenga ndalama zimene anthu alipira pogula matikiti olowera m'nyumba za sinema, basi. Nyumba iliyonse imapereka chiwerengero chake kwa eni filimu, ndipo makampani ngati Comscore amasonkhanitsa ziwerengerozo kuchokera kumaiko ambiri. Zimene ife timaona pa intaneti kawirikawiri zimachokera ku Box Office Mojo kapena The Numbers, ndipo awiriwa nthawi zina amasiyana ndi mamiliyoni angapo pa filimu imodzi. Dziko amaligawa pawiri: America ndi Canada mbali imodzi, ena tonsefe mbali inayo. Ndalama za ma DVD mulibe. Za Netflix mulibe. Zimene DStv kapena ZNBC imalipira kuti ionetse filimu mulibe. Zidole, malaya ndi zikwama za ana asukulu zokhala ndi nkhope ya Spider-Man mulibenso, chikhalirecho kwa mafilimu ena, monga a Star Wars, malonda oterewa apanga ndalama zambiri kuposa matikiti.

Ndalamazi si phindu

Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Tikamva kuti filimu yapanga madola 2 biliyoni, timayesa kuti zonsezo zalowa m'thumba la kampani imene inaikonza. Ayi. Mwini nyumba ya sinema amatenga gawo lake, chifukwa ali ndi lendi, magetsi ndi antchito. Ku America kampani ya filimu imatsala ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Kumaiko ena imatsala ndi zocheperapo. Ku China, malinga ndi pangano la 2012, kampani yakunja imalandira kota yokha ya ndalama za matikiti. Ndiye kuti dola yopangidwa ku Beijing ndi dola yopangidwa ku Chicago zimaoneka zofanana pamndandanda, koma kwa mwini filimu n'zosiyana kwambiri.

Pa zotsalazo muchotsepo mtengo wokonzera filimu. Avatar inadya madola 237 miliyoni malinga ndi zimene eni ake analengeza, Endgame inadya oposa 350 miliyoni, ndipo pamwamba pake pali ndalama zotsatsira malonda, zimene kwa mafilimu aakulu chonchi zimapitirira 100 miliyoni. N'chifukwa chake anthu a ntchitoyi amati filimu yaikulu iyenera kutolera kawiri ndi theka ndalama zimene inadya kuti ingobweza zake. John Carter ya 2012 inatolera madola oposa 280 miliyoni, chiwerengero chooneka chonona, koma Disney inalengeza kuti yataya pafupifupi 200 miliyoni pa filimu imeneyo. The Blair Witch Project ya 1999 inakonzedwa ndi ndalama zosafika madola 1 miliyoni, n'kutolera pafupifupi 250 miliyoni. Mukanakhala woika ndalama, nokha mukudziwa imene mukanasankha, koma mndandanda umaika John Carter pamwamba.

Dola ya 1939 ndi dola ya lero

Ife a ku Zambia nkhani iyi sitifunika kuiphunzira kusukulu. Pa 1 Januwale 2013 tinadzuka K50,000 itasanduka K50, boma litachotsa maziro atatu, chifukwa kwacha imene mu 1968 inali yamphamvu kuposa dola inali itafooka mpaka tikugula buledi ndi masauzande. Ndipo kuchokera 2013 mtengo wa thumba la unga wakwera kangapo. Tsono tiyerekeze mwini golosale amene akudzitama kuti chaka chino wagulitsa unga wa ndalama zambiri kuposa bambo ake mu 2013. Mwina akunena zoona. Koma funso loyenera n'lakuti, matumba angati? Akhoza kupezeka kuti wagulitsa theka la matumba a bambo ake.

Matikiti a sinema ali chimodzimodzi. Ku America, tikiti imodzi mu 1939 inkagulidwa pafupifupi masenti 23. Mu 1997, chaka cha Titanic, inali madola 4.59. Mu 2009, chaka cha Avatar, inali 7.50. Mu 2019, chaka cha Endgame, inali 9.16. Filimu ya 2019 inkangofunika theka la anthu amene anaonera filimu ya 1997 kuti ifanane nayo ndalama. Ichi ndi chifukwa chake pamwamba pa mndandanda padzaza mafilimu a zaka zaposachedwa, ndipo chaka ndi chaka akale amakankhidwira pansi popanda kulakwa kanthu. Titanic ndi yokhayo ya m'zaka za m'ma 1900 imene ikulimbabe pakati pa khumi oyambirira, ndipo ine ndimaiona kuti ndi imene inachita chodabwitsa kuposa anzake onse pamndandandawo.

Tsono akatswiri amayesa kukonza vutoli. Amatenga ndalama za kale n'kuzisandutsa ndalama za lero. Akatero, mfumu imasintha: pamwamba pamakhala Gone with the Wind ya 1939. Ndalama zake zenizeni, kuphatikiza maulendo onse amene inaonetsedwa, ndi madola pafupifupi 400 miliyoni, zimene lero filimu wamba ya katuni imazipeza. Koma a Guinness World Records, powerengera mitengo ya 2014, anati zikufanana ndi madola 3.44 biliyoni. Akuti ku America kokha inagulitsa matikiti pafupifupi 200 miliyoni, pamene m'dzikolo mu 1939 munali anthu pafupifupi 130 miliyoni.

Komabe musafulumire kunena kuti nkhani yatha. Kuwerenga kotereku kuli ndi mavuto akeake. Loyamba, filimuyi sinagulitse matikiti onsewo m'chaka chimodzi. Inabwezedwa m'nyumba za sinema mu 1947, 1954, 1961, 1967 ndi zaka zina pambuyo pake, ulendo uliwonse pa mtengo wosiyana, ndipo poyamba penipeni ankailipiritsa mokwera kuposa mafilimu ena. Kuti muwerenge bwino muyenera kudziwa kuti ndi ndalama zingati zinabwera chaka chiti, ndipo mabuku akale sanasunge zonse. Lachiwiri, dziko lililonse mitengo imakwera mwa njira yake. Ya ku Britain si ya ku Japan, ndipo ya ku Japan si ya ku Brazil. Kusandutsa ndalama za maiko makumimakumi, za zaka makumi asanu ndi atatu, kuti zikhale chiwerengero chimodzi, ndi ntchito yongoyerekeza, n'chifukwa chake mabungwe osiyana amatulutsa mayankho osiyana.

Vuto lachitatu ndi limene ine ndimaliona lalikulu. Mu 1939 munthu wofuna kuonera filimu analibe kwina kopita. TV inali isanafale m'nyumba. Kunalibe tepi, kunalibe foni. Ukaikonda filimu n'kufuna kuionanso, unkagulanso tikiti, ndipo ikachotsedwa unkadikira zaka kuti ibwerenso. Gone with the Wind inafika pa TV ku America mu 1976, patapita zaka 37. Filimu ya lero imakhala m'nyumba za sinema milungu yowerengeka, kenako ili pa foni ya aliyense. Imalimbana ndi mpira wa ku England, ndi TikTok, ndi magemu. Choncho mndandanda wosakonzedwa umakondera atsopano, pamene wokonzedwa umakondera akale, amene analibe wopikisana naye.

Ndipo pali china chimene sindingachidumphe. Gone with the Wind imaonetsa moyo wa m'minda ya akapolo kum'mwera kwa America ngati nthawi yokoma imene inatayika. A Hattie McDaniel, amene anasewera ngati wantchito wa m'nyumba, anakhala munthu wakuda woyamba kulandira mphoto ya Oscar mu 1940, koma sanaloledwe kukakhala nawo pa tsiku loyamba kuonetsa filimuyi ku Atlanta chifukwa cha malamulo atsankho. Matikiti mamiliyoni aja amatiuza kuti anthu ambiri analipira. Satiuza kuti filimuyo inanena zoona, kapena kuti inali yabwino kwa onse amene inkawaonetsa.

Mpikisano wa Avatar ndi Endgame

Mpando wapamwamba wakhala ukusinthana manja. Jaws ya 1975 inaulanda, Star Wars ya 1977 n'kuulandanso, kenako E.T. ya 1982, kenako Jurassic Park ya 1993. Atatu mwa amenewa ndi a Steven Spielberg. Titanic inaulanda mu 1998 n'kukhala filimu yoyamba kudutsa madola 1 biliyoni, ndipo inakhala pampandopo zaka 12 mpaka Avatar inaichotsa mu 2010.

Zimene zinachitika pambuyo pake ndi zimene zimaonetsa bwino mmene mndandandawu ungakankhidwire. Endgame inatuluka mu Epulo 2019 ndi mkokomo umene sunaonekepo: madola 1.2 biliyoni m'masiku asanu oyambirira. Koma itayandikira Avatar inayamba kutopa, kutsala pang'ono chabe. Kumapeto kwa Juni eni ake anaibwezanso m'nyumba za sinema atawonjezera timphindi tochepa kumapeto, okonda Marvel, kampani imene inakonza Endgame, n'kumalimbikitsana pa intaneti kuti akaonerenso. Mu Julayi inadutsa Avatar ndi kachiwerengero kakang'ono. Ufumu wake sunathe zaka ziwiri. Mu Malichi 2021, pamene nyumba za sinema ku China zinkafuna mafilimu oti zionetse mliri wa Covid-19 utachepa kumeneko, Avatar inaonetsedwanso, n'kutolera madola oposa 50 miliyoni, n'kubwerera pampando. Mu 2022 inaonetsedwanso kumaiko ambiri pokonzekera filimu yachiwiri, mpata n'kukula. Ndipo kumbukirani kuti mu Malichi 2019 Disney, mwini wa Marvel, inali itagula kampani ya Fox, mwini wa Avatar. Onse opikisanawo anali a khola limodzi, ndipo mwini khola ndiye ankasankha yoti ibwerere liti.

Titanic nayonso chiwerengero chake si cha ulendo umodzi. Poyamba inatolera madola 1.84 biliyoni. Mu 2012, patatha zaka 100 chimirire sitima yeniyeniyo, inabwera ya 3D n'kuwonjezera oposa 300 miliyoni, ndipo inabweranso mu 2023. Ena amati maulendo obwerezawa asamawerengedwe. Ine sindigwirizana nawo kwenikweni, chifukwa munthu amene walipira kuti aone filimu ya zaka 15 walipiradi, ndipo si filimu iliyonse imene ingaitane anthu kachiwiri. Koma wolemba mndandanda ayenera kunena poyera kuti waphatikiza.

Njira zimene mafilimu awiriwa anapezera ndalama zikusiyananso. Titanic inayamba mofatsa, ndi madola 28.6 miliyoni okha kumapeto kwa sabata yoyamba ku America, koma inakhala pa nambala wani milungu 15 yotsatizana. Tsiku limene inapanga ndalama zambiri linali 14 Febuluwale 1998, tsiku la Valentine, patatha pafupifupi miyezi iwiri itatuluka. Anthu ankauzana, n'kubwererako ndi anzawo. Endgame inali mapeto a nkhani imene inamangidwa m'mafilimu oposa 20 kuyambira 2008, ndipo anthu anathamangira sabata yoyamba kuopa kuti wina angawauze mathero. Ziwerengero ziwirizi zili pamndandanda umodzi koma zikunena zinthu zosiyana za mitima ya oonera.

Palinso mtengo wa mpando. Avatar anthu ambiri anaionera mu 3D ndi IMAX, zipinda za chinsalu chachikulu kwambiri, kumene tikiti imakwera kuposa ya masiku onse. Palinso mphamvu ya dola. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ndalama za Avatar anachokera kunja kwa America ndi Canada, ndipo ndalama zimenezo, ma euro, ma yen, ma rand, zimasandutsidwa madola pa mtengo wa nthawi imeneyo. Kumapeto kwa 2009 dola inali yofooka, choncho euro iliyonse inkabala madola ambiri. Aliyense amene anaimapo pa bureau mu Cairo Road akudziwa kuti ndalama zomwezo zimagula madola osiyana mwezi uno ndi mwezi wamawa.

China, India ndi owerenga mitu ya anthu

Zaka 20 zapitazo China sinali nkhani pamndandandawu. Lero ili ndi zipinda zoonetsera mafilimu zoposa 80,000, kuposa dziko lina lililonse, ndipo mu 2020 inaposa America pa ndalama za matikiti. Boma lake ndi limene limasankha mafilimu akunja oti alowe, ndipo pangano la 2012 lija linaika malire a mafilimu 34 pachaka ogawana ndalama. Endgame inapeza madola oposa 600 miliyoni ku China kokha. Spider-Man: No Way Home ya 2021 sinaonetsedwe kumeneko, koma inafikabe 1.9 biliyoni. Malo a filimu pamndandanda akhoza kudalira chisankho cha ofesi imodzi ku Beijing.

Kenako mu Januwale 2025, pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha ku China, kunatuluka Ne Zha 2, filimu ya katuni yochokera m'nthano zakale za dzikolo. Inakhala yoyamba kupanga madola 1 biliyoni m'dziko limodzi, kenako inadutsa 2 biliyoni, ndipo pafupifupi ndalama zonsezo zinachokera ku China komweko, kumene inagulitsa matikiti oposa 300 miliyoni. Ndi filimu yoyamba yosachokera ku Hollywood kufika pamenepo. Kuno ambiri sanaimvepo n'komwe. Imeneyi inandisangalatsa, chifukwa inaonetsa kuti anthu akakhala ndi nyumba zawo za sinema, ndalama m'thumba ndi nthano zawozawo, safunika chilolezo cha wina kuti akwere pamndandanda. Inaonetsanso kuti kukhala pamwamba sikutanthauza kuti dziko lonse lakuonera.

India ndi chitsanzo cha mbali inayo. Amakonza mafilimu ambiri chaka chilichonse kuposa America, ndipo anthu ake amakonda sinema kwabasi, koma matikiti ndi otchipa, ndiye akasandutsidwa madola amaoneka ochepa. Dangal ya 2016, ya a Aamir Khan, imodzi mwa zazikulu kwambiri za ku India, inatolera pafupifupi madola 300 miliyoni, ndipo zambiri mwa ndalamazo zinachokera ku China osati kwawo. Pa mndandanda wa madola, anthu angapo a ku Mumbai amafanana ndi munthu mmodzi wa ku London.

N'chifukwa chake maiko ena amawerenga anthu m'malo mwa ndalama. Ku France amalengeza chiwerengero cha olowa, ndipo Titanic inalowetsa oposa 20 miliyoni. Ku South Korea amachitanso chimodzimodzi: The Admiral: Roaring Currents ya 2014 inalowetsa anthu 17.6 miliyoni m'dziko la anthu pafupifupi 51 miliyoni, ndiye kuti tikiti imodzi pa anthu atatu alionse. Kwa ine kuwerenga kumeneku ndiko kwachilungamo, chifukwa munthu amakhala munthu, kaya ndi 1939 kapena 2025, kaya walipira rupee kapena dola. Kukwera kwa mitengo sikumukhudza, 3D siimukhudza. Vuto n'lakuti si maiko onse amene anasunga chiwerengero cha matikiti, ndipo Hollywood inazolowera kulengeza madola, amene chaka chilichonse amapereka mwayi wolengeza kuti mbiri yathyoledwa.

Nanga ife tili pati?

Lipoti la 2021 la UNESCO, nthambi ya United Nations, linapeza kuti mu Africa monse muli zipinda zoonetsera mafilimu 1,651, ndiye kuti chipinda chimodzi pa anthu pafupifupi 787,000. Yerekezani ndi 80,000 za China. Mu Lusaka muno nyumba za sinema zili m'misika yamakono ngati Manda Hill ndi Levy Junction. Kwa banja la ku George kapena ku Mtendere, ulendo wokaonera filimu ndi ndalama ya basi kupita ndi kubwera, matikiti a onse, ndiponso ana sangadutse pa popukoni osapempha. Ambiri amaonera pa GOtv, pa foni bando ikalola, kapena pa fulashi imene wina wawaikira mafilimu pamsika. Maso alipo ambiri, chikondi cha mafilimu chilipo chachikulu, koma zonsezi zimachitikira kunja kwa khomo limene amawerengerapo.

Ena anganene kuti zilibe kanthu, ndi mndandanda chabe. Ine ndikuti zili ndi kanthu, chifukwa oika ndalama m'mafilimu amayang'ana mndandanda womwewu posankha nkhani yoti akonze, nkhope zoti zionekemo ndi chilankhulo choti chimveke. Kwa zaka zambiri ku Hollywood kunali chikhulupiriro chakuti filimu ya anthu akuda siyenda malonda kunja kwa America. Black Panther ya 2018, mmene anthu a dziko lopeka la Wakanda amalankhula Chixhosa cha ku South Africa, inatolera madola oposa 1.3 biliyoni, ndipo chiwerengero chimenecho chinatseka pakamwa anthu amene mawu okha sakanawagonjetsa. Amene sawerengedwa, posankha amaiwalidwa.

Taonani mafilimu athu. The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, ya a Chiwetel Ejiofor, imasimba za a William Kamkwamba a ku Wimbe ku Kasungu, ndipo mbali yaikulu amalankhula Chichewa. Anthu padziko lonse anaionera pa Netflix, choncho pamndandanda wa matikiti simungaipeze. Supa Team 4, katuni ya a Malenga Mulendema imene nkhani yake imachitikira mu Lusaka wam'tsogolo, nayonso inatulukira pa Netflix mu 2023. A Rungano Nyoni, obadwira mu Lusaka muno, analandira mphoto ya BAFTA ya ku Britain mu 2018 chifukwa cha I Am Not a Witch, ndipo mu 2024 analandiranso mphoto pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes ku France ndi On Becoming a Guinea Fowl. Ntchito zimenezi zalemekezedwa ndi akatswiri a mafilimu, koma poyeza ndi mabiliyoni a madola sizioneka n'komwe. Sikuti zalephera. Muyezowo unapangidwira maiko amene mzinda uliwonse uli ndi nyumba ya sinema.

Anzathu a ku Nigeria asonyeza njira ina. Eni nyumba za sinema kumeneko ali ndi bungwe lawo limene limatulutsa ziwerengero za matikiti mu ndalama yawo ya naira. Mu Januwale 2024, A Tribe Called Judah ya a Funke Akindele inakhala filimu yoyamba ya ku Nigeria kudutsa naira 1 biliyoni. Mu madola zinali pafupifupi 1 miliyoni, ndalama zimene Endgame inkapanga m'mphindi zochepa sabata yake yoyamba. Koma chiwerengerocho chinali chawo, cholembedwa, chodziwika kwa aliyense, ndipo filimuyo inaposa mafilimu aakulu a ku Hollywood m'nyumba za sinema za ku Nigeria. Wokonza filimu akakhala ndi pepala lotere amalowa ku banki kapena kwa woika ndalama ali ndi choonetsa. Pambuyo pake mayi omwewo anadutsanso chiwerengerocho ndi Everybody Loves Jenifa.

Chimenechi ndi chimene ndimalakalaka kwa ife. Sabata iliyonse tizidziwa kuti ndi anthu angati alowa kukaonera filimu iti mu Lusaka, ku Kitwe, ku Ndola, ku Chipata, ndipo tiziwerenga matikiti, osati makwacha okha, popeza kwacha yathu tikuidziwa mmene imasinthira. Tiwerengenso filimu ikaonetsedwa mu holo ya sukulu, ya tchalitchi kapena ya khonsolo, malinga ngati anthu alipira pakhomo ndipo mwini filimu walandira gawo lake. Mnyamata wa ku Kalingalinga amene akujambula filimu yake yoyamba ya Chinyanja ndi kamera yobwereka adzafunsidwa ndi aliyense wofuna kumuthandiza kuti oonera alipo angati, ndipo afunika kukhala ndi nambala yoti ayankhe nayo.